Miyala ya m'Ndulu, Sikani ndi Opaleshoni Yochepetsa Thupi



Aliyense amene anatumbulapo nkhuku kapena mbuzi amaidziwa ndulu. Ndi kathumba kobiriwira kaja komatirira kuchiwindi, kamene timakachotsa mosamala podziwa kuti kakaphulika ndiye kuti ndiwo yawawa. Munthu nayenso ali nako kathumbaka, pansi pa nthiti za kumanja, ndipo ambiri timakalamba osakaganizirako n'komwe. Lero ndikufuna tikambirane za anthu amene kathumbaka kamawavuta kuposa ena, omwe ndi anthu onenepa kwambiri amene akukonzekera opaleshoni yochepetsa thupi. Pali funso limene madokotala sanagwirizanepo mpaka lero. Munthu wotereyu, ngati sakumva kupweteka kulikonse, tizimupanga sikani ya ndulu asanalowe m'fiyeta? Nanga sikaniyo ikanena kuti mulibe kanthu, tiikhulupirire mpaka pati?

Mwina wina akuti chamumtima, za ku America izi, kwathu kuno vuto ndi njala. N'zoona kuti kafukufuku amene nditchule anachitikira ku America ndi ku Ulaya. Komabe bungwe la World Health Organization linapeza kuti pofika 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa mopitirira muyezo. Ku Malawi kuno, kafukufuku wa Demographic and Health Survey wa 2015-16 anasonyeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse anali ndi thupi loposa muyezo, ndipo m'matauni anali 36. Abale athu amene matumba awo alola amakachitira opaleshoniyi ku South Africa kapena ku India. Opaleshoni imachitikira kutali, koma ululu ukadzayamba patapita miyezi ingapo munthuyo amakhala ali kwawo, ndipo omulandira usiku umenewo ndi inu a zachipatala.

Chiwindi chimapanga madzi a ndulu usana ndi usiku, pakati pa theka la lita ndi lita imodzi patsiku. Kathumba kaja ntchito yake ndi kusunga madziwo, mamililita 30 mpaka 50. Munthu akadya chakudya cha mafuta, matumbo amatulutsa homoni yotchedwa cholecystokinin, kathumba kamafinyika, ndulu n'kutsikira m'matumbo kukathandiza kugaya mafutawo. M'madzi amenewa muli kolesterolo, amene payekha sasungunuka m'madzi. Chimene chimamusungunula ndi mchere wa ndulu pamodzi ndi mafuta ena otchedwa lecithin. Tonse tinaonapo tiyi wothiridwa shuga wambiri n'kusiyidwa osatakasa, shugayo amakhala pansi pa kapu. Mwala umayamba chimodzimodzi. Kolesterolo akachuluka kuposa mmene mcherewo ungamusungunulire, kathumbanso kakamakhala nthawi yaitali osafinyika, timibulu timayamba kukhazikika pansi, kenako pamabwera matope, pamapeto pake mwala. Ilipo miyala ina yakuda yochokera ku magazi osweka, imene mumaiona mwa ana odwala sickle cell, koma imeneyo tidzakamba tsiku lina.

Thupi lonenepa limapanga kolesterolo wambiri, ndipo chiwindi chimamutayira m'ndulu. Kafukufuku wa Nurses' Health Study, amene anatsatira anamwino masauzande ambiri ku America, anasonyeza mu 1992 kuti amayi a BMI yoposa 45 ankadwala miyala ya m'ndulu kuwirikiza ka 7 poyerekeza ndi amayi a BMI yochepera 24. Kwa amene simuli a zachipatala, BMI timaipeza potenga makilogalamu a munthu n'kuwagawa kawiri ndi msinkhu wake m'mamita. Mayi wotalika mamita 1.65 akafika makilogalamu 95 ndiye kuti BMI yake ndi pafupifupi 35, ndipo malinga ndi malangizo amene mabungwe a madokotala a opaleshoniyi a ASMBS ndi IFSO anatulutsa mu 2022, kuyambira pamenepo munthu akhoza kuchitidwa opaleshoniyi ngakhale alibe matenda ena. Choncho ambiri amafika kwa dokotala wa opaleshoni miyala ali nayo kale osadziwa.

Munthu angaganize kuti kuchepa thupi ndiye mankhwala ake. Pakapita zaka, inde. Koma m'miyezi yoyambirira zinthu zimatembenuka. Mafuta a m'thupi akamasungunuka mofulumira, kolesterolo amene anali m'mafutamo amathamangira kuchiwindi n'kulowa m'ndulu. Pa nthawi yomweyo munthuyo akudya timasupuni tingapo chabe, mwina topanda mafuta n'komwe, ndiye kathumba kalibe choti kafinyikire. Chiopsezo chimakwera kwambiri munthu akamataya makilogalamu oposa 1.5 pa sabata, ndipo wochitidwa opaleshoni amadutsa pamenepo mosavuta. Ngakhale jakisoni wa semaglutide, amene watchuka masiku ano ndi mayina a Ozempic ndi Wegovy, amakwezanso chiopsezo cha matenda a ndulu.

Maopaleshoni akuluakulu alipo awiri, ndipo musunge kusiyana kwake chifukwa tikubweranso pamenepa. Wina ndi gastric bypass, amene Edward Mason wa ku University of Iowa anayambitsa m'zaka za m'ma 1960. Amadula kachigawo kakang'ono kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ku matumbo a patsogolo, moti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho ndi chiyambi cha matumbo, pamene pamathira ndulu. Winayo ndi sleeve gastrectomy, amene masiku ano akuchitika kwambiri padziko lonse. Amachotsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu, koma njira ya chakudya imakhala yomwe ija.

Mu 1991 Mitchell Shiffman ndi anzake ku Richmond, m'chigawo cha Virginia, anafalitsa zimene anapeza atatsatira anthu amene anachitidwa gastric bypass ali opanda mwala ngakhale umodzi. Pomatha miyezi 6, anthu 36 mwa 100 alionse anali ndi miyala, ndipo ena 13 anali ndi matope. Tangoganizani. Munthu mmodzi mwa atatu, chaka chisanathe.

Tsopano tibwere ku sikani. Carl Langenbuch anachotsa ndulu ya munthu koyamba ku Berlin mu 1882, koma panapita zaka zambiri madokotala asanapeze njira yabwino yoonera miyala munthu asanatumbulidwe. Ekisire wamba amaonetsa miyala 10 mpaka 20 yokha mwa 100, chifukwa yambiri ilibe kashiamu wokwanira. Mu 1924 Evarts Graham ndi Warren Cole ku St. Louis anapeza mankhwala opangitsa ndulu kuoneka pa ekisire, ndipo njira imeneyo inagwira ntchito kwa zaka pafupifupi 50. Chochititsa chidwi n'chakuti makina a ultrasound, amene ife timawadziwira kusikelo ya amayi oyembekezera, anayesedwa pa miyala ya m'ndulu asanafike kwa amayiwo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 George Ludwig, ku Naval Medical Research Institute ku Bethesda, anaika miyala ya anthu m'ndulu za agalu n'kuipeza pogwiritsa ntchito mafunde a mawu. Ntchito yotchuka ya Ian Donald ku Glasgow inadza pambuyo, mu 1958.

Makinawa amatumiza m'thupi mawu amene khutu silingamve. Khutu la munthu limalekezera pa mafunde 20,000 pa sekondi, pamene probe ya pamimba imatulutsa mafunde 2 miliyoni mpaka 5 miliyoni. Mawuwo akagunda chinthu amabwerera, makina n'kuwerengera nthawi imene atenga, n'kujambula chithunzi. Madzi a ndulu amaoneka akuda bii. Mwala umaoneka woyera, ndipo popeza mawu saudutsa, kuseri kwake kumagwa mthunzi wakuda wolunjika. Mukamutembenuza wodwala, mwalawo umagubuduka kupita kumunsi. Kuwala, mthunzi ndi kusuntha zikapezeka pamodzi, palibenso mtsutso. Kanyama komera pakhoma la ndulu kamawalanso, koma kalibe mthunzi ndipo sikasuntha. Kwa munthu wa thupi lapakati, amene wakonzekera bwino, sikani imapeza miyala yoposa 9 mwa 10. Ilibe cheza choopsa, siipweteka, ndipo ndi yotchipa kuyerekeza ndi CT kapena MRI.

Vuto ndi lakuti wodwala amene tikukamba lero si wa thupi lapakati. Mawu amafooka akamalowa m'thupi, ndipo mafunde othamanga, amene amapereka chithunzi chakuthwa, ndi amene amafooka msanga. Mwa munthu wowonda ndulu ili masentimita ochepa chabe pansi pa khungu. Mwa munthu wa makilogalamu 140 ikhoza kukhala pa masentimita 10 kapena kupitirira. Wojambula amakakamizika kutsitsa mafunde kuti afike kumeneko, ndipo akatero timiyala ta mamilimita 2 kapena 3 timasowa m'chithunzi, kapena timaoneka koma topanda mthunzi. Palinso china chimene ambiri sachiganizira. Makina anapangidwa kuti aziwerengera kuti mawu amayenda mamita 1,540 pa sekondi paliponse m'thupi, pamene m'mafuta amayenda pafupifupi mamita 1,450. Mafuta akachuluka, masamu a makinawo amaphonya pang'ono, ndipo chithunzi chimachita mbuu. Onjezani kuti ambiri mwa odwalawa ali ndi chiwindi chodzala mafuta, chimene chimameza mawu asanafike pa ndulu, komanso mpweya wa m'matumbo umene mawu saudutsa konse.

Apa ndiye pamaonekera luso la wojambula. Wodwala asale chakudya kwa maola 6 mpaka 8 kuti kathumba kadzale, chifukwa ndulu yofinyika imabisa miyala. Wa matenda a shuga mumuike m'mawa, asakomoke pabenchi. Musamujambule atagona chagada mokha. Mumutembenuzire kumanzere kuti mimba ilendewere kutali ndi nthiti ndipo matumbo achoke panjira. Akokere mpweya n'kuugwira kuti chiwindi chitsike. Zikakanika, ikani probe pakati pa nthiti kumbali ya kumanja, pomwe mafuta amakhala ochepa, n'kuona kudzera m'chiwindi. Mumukhazike, ngakhale kumuimiritsa. Makina ambiri ali ndi batani la harmonic imaging, limene limachotsa chifunga m'chithunzi, koma alipo ojambula amene sanaligwirepo chiyambire. Ndipo tsatirani kathumba mpaka kukhosi kwake, chifukwa mwala wothina pakhosi sugubuduka, ndipo ndi umenewo umene umadwalitsa.

Misampha ilipo iwiri imene imakola ngakhale akatswiri. Mpweya wa m'matumbo oyandikana ndi ndulu umatha kuoneka ngati mwala, munthu n'kulembedwa matenda amene alibe. Kumbali inayo, ndulu imene yadzala miyala thothotho siioneka ngati kathumba ka madzi akuda. Pamangooneka mizere iwiri yowala ndi mthunzi waukulu kuseri kwake, ndipo wojambula wothamanga amati ndi mpweya n'kudutsa. Ndiye kuti ndulu yodwala kwambiri ndi imene ingalembedwe kuti sinapezeke.

Izi zikundifikitsa pa mfundo imene ndabwerera pano. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa lipoti lonena kuti "mulibe miyala" ndi lonena kuti "sindinaone miyala, koma khosi la ndulu silinaoneke bwino chifukwa cha mafuta ndi mpweya". Loyambalo limasangalatsa aliyense, mzere wa odwala n'kuyenda. Lachiwirilo limaoneka ngati wojambula walephera ntchito, ndiye ambiri amachita nalo manyazi. Ine ndikuti lachiwirilo ndi limene lili ndi phindu kwa dokotala wa opaleshoni, chifukwa limamuuza poyenera kukayika. Kafukufuku wosiyanasiyana wasonyeza kuti ngakhale mwa anthu onenepa kwambiri, sikani ikanena kuti mwala ulipo imalakwitsa kamodzikamodzi. Pamene imapunthwa ndi ponena kuti mwala palibe. Choncho lembani zimene mwaona, mulembenso zimene simunathe kuona.

Kukayika kumeneku kumakula tikafika pa njira yaikulu ya ndulu, imene imachokera kuchiwindi kukathira m'matumbo. Mbali yake ya kumunsi imadutsa kuseri kwa matumbo, ndipo ngakhale mwa munthu wowonda sikani imaphonya miyala yambiri ya m'menemo. Timadalira zizindikiro zina: njirayo ikakula kuposa mamilimita 6, magazi akaonetsa kuti chiwindi chasokonezeka, maso akachita chikasu. Zikatero pamafunika MRCP, yomwe ndi MRI yoonera njira za ndulu, kapena sikani yolowetsa kudzera pakamwa, kapena yoika pa ndulu penipeni opaleshoni ili mkati. CT musaidalire kwambiri pa nkhaniyi, chifukwa miyala ina ya kolesterolo imafanana ndi madzi a ndulu m'chithunzi chake. MRI nayonso ili ndi malire: bedi lake lili ndi muyezo wa kulemera, ndipo pakamwa pa makina ambiri ndi masentimita 60 mpaka 70 basi.

Tinene kuti sikani yapeza mwala. Titani? Wodwala akakhala kuti wakhala akumva ululu wa ndulu, palibe mtsutso, nduluyo ichoke, kaya opaleshoni yochepetsa thupi isanachitike kapena tsiku lomwelo. Mtsutso uli pa mwala wongokhala phee. Kale, pamene ankatumbula mimba yonse, madokotala ena ankachotsa ndulu ya aliyense, yodwala ndi yabwino yomwe, poti mimba yatseguka kale. Zinasintha opaleshoni yoboola timabowo itafala. Erich Mühe wa ku Germany anachotsa ndulu mwa njira imeneyi mu 1985, ndipo Alan Wittgrove ndi Wesley Clark anafalitsa za gastric bypass yoboola timabowo mu 1994. Timabowo toyenera pochita chifu sitikhala pamalo abwino pochotsera ndulu, chiwindi chimakhala chachikulu ndi cholemera, nthawi ya m'fiyeta imatalika, ndipo kuvulaza njira ya ndulu, ngakhale sikuchitikachitika, ndi tsoka limene munthu amakhala nalo moyo wonse.

Komanso miyala yambiri siivuta munthu. William Gracie ndi David Ransohoff anatsatira aphunzitsi a ku University of Michigan amene anali ndi miyala yopanda ululu, ndipo mu 1982 anasonyeza kuti patapita zaka 15, anthu 18 okha mwa 100 ndi amene anayamba kumva kupweteka. Ataphatikiza kafukufuku wambiri mu 2013, akatswiri anapeza kuti mwa anthu amene anachitidwa gastric bypass ndulu n'kuisiya, pafupifupi 7 mwa 100 ndi amene anadzafunika kuichotsa pambuyo pake, ndipo nthawi imeneyo thupi limakhala litachepa, opaleshoni n'kukhala yosavuta. N'chifukwa chake zipatala zina zinasiyiratu kupanga sikani munthu wopanda ululu. Maganizo awo ndi akuti, ngati sitichotsa ndulu ngakhale titaona mwala, tikuvutikiranji kuufufuza?

Maganizowo ndi omveka, koma ine sindigwirizana nawo, ndipo chifukwa choyamba ndi mankhwala. Pali mankhwala otchedwa ursodeoxycholic acid, amene amachepetsa kolesterolo m'ndulu. Mu 1995 Harvey Sugerman ndi anzake anasonyeza kuti pa miyezi 6 yotsatira gastric bypass, anthu 32 mwa 100 amene anamwa mapiritsi opanda mankhwala anapezeka ndi miyala, pamene mwa omwe ankamwa mamiligalamu 600 patsiku anali 2 okha. Kenako mu 2021 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa UPGRADE ku Netherlands, wa anthu pafupifupi 1,000, onse atapangidwa sikani opaleshoni isanachitike. Mmodzi mwa asanu anali ndi miyala osadziwa. Pa zaka ziwiri, amene anadwala ndulu anali 6.5 mwa 100 pagulu lomwa mankhwala, ndi 9.7 pagulu linalo, kusiyana kumene kunali kochepa moti sakanakutsimikizira. Koma atawagawa, phindu linaoneka bwino mwa anthu a gastric bypass amene analibe miyala poyamba, ndipo silinaoneke mwa amene anali nayo kale. Ndiye sikani ndi imene imakuuzani woyenera kumwa mapiritsi kwa miyezi 6, ndi amene mapiritsiwo angomudyera ndalama.

Chifukwa chachiwiri ndi chija ndinati musunge. Mwala ukatsika n'kutseka njira yaikulu ya ndulu, timauchotsa ndi ERCP, polowetsa chubu cha kamera pakamwa, kudutsa m'chifu mpaka pamene ndulu imathira. Munthu wa sleeve njira imeneyo akadali nayo. Wa bypass inadulidwa, ndipo kuti afikeko pamafunika zida zapadera, kapena kuboolanso mimba kuti chubucho chilowere m'chifu chotsalacho. Ku Amsterdam kapena ku London zimenezo n'zotheka. Munthu amene akwere ndege patatha sabata ziwiri kubwerera kumene zida zoterezo n'zosowa ali pa mlingo wina. Iyeyo ndi dokotala wake ayenera kudziwa zimene zili m'ndulu asanasankhe mtundu wa opaleshoni, ndipo kwa iye mwala wongokhala phee ukhoza kukhala chifukwa chokwanira chosankhira sleeve, kapena chokonzeratu tsiku lochotsa ndulu.

Musaiwale kuti sikani yoyera imanena za tsiku limene inajambulidwa. Anthu 36 mwa 100 a Shiffman aja onse anayamba ndi ndulu yoyera. Wodwala akabwera patapita miyezi 5 akudandaula ululu waukulu pansi pa nthiti za kumanja kapena pachifu, wopita kumsana kapena kuphewa, wotenga theka la ola kapena maola angapo, musatsegule lipoti lakale n'kumuuza kuti ndulu yake ili bwino. Mujambuleninso, ndipo nthawi ino muona bwino chifukwa mafuta achepa. Koma mukaupeza mwala musafulumire kuutchula kuti ndiye wolakwa. Munthu wa bypass amadwalanso zilonda pamalo olumikiza, ndipo matumbo ake amatha kulowa m'mpata umene opaleshoni inasiya n'kupotokola, makamaka mafuta a m'mimba atasungunuka. Limenelo ndi vuto lakupha m'maola ochepa, sikani ya ndulu siiliona, ndipo limafuna CT ndi dokotala wa opaleshoni mwamsanga.

Kwa inu amayi ndi abambo amene mukulingalira za opaleshoniyi, kapena muli ndi m'bale amene akukonzekera ulendo, pemphani sikani ya ndulu musanalowe m'fiyeta, ndipo mufunse ngati inaoneka yonse. Funsani ngati mukuyenera kumwa ursodeoxycholic acid ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Pobwerera, tengani lipoti la sikani ndi kalata yonena mtundu weniweni wa opaleshoni imene munachitidwa, muziike m'kabuku kanu ka kuchipatala. Ululu wa pansi pa nthiti ukabwera pamodzi ndi kutentha thupi, kusanza kosalekeza, maso achikasu kapena mkodzo wodera, musadikire kuti kuche, pitani kuchipatala usiku womwewo.